Aphunzitsi a ku Milange adakaona nthochi za ku Roma

Aliyense wogula kapena kugulitsa pamsika wa pa boma pa Milange akuwadziwa Aphunzitsi. Adasiya choko kalekale koma dzina la ntchitoyo lidawakanirira, mwakuti ngakhale adzukulu awo sawatchula kuti agogo. Ndi bambo wamtali, wosalankhulalankhula, woyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe. Kumayambiriro kwa Novembala m'chaka cha 2019 mkuluyu adasowa pamsika kwa sabata yathunthu, ndipo posakhalitsa mbiri idawanda yoti ali ku Roma m'dziko la Italy. Ena adati n'zabodza, munthu wodya penshoni ya uphunzitsi ndalama ya ndege angaitenge kuti. Ena adati waitanidwa ndi Papa. Zoona zake n'zakuti adakacheza masiku anayi kwa mwana wawo wamkazi, ndipo adanyamula nkhani imene idakhala ikuwasowetsa tulo kwa zaka 27.

Kuti nkhaniyi imveke bwino iyenera kuyambira m'chaka cha 1986. Chakumapeto kwa Seputembala chaka chimenecho nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi a Renamo idafika pa tauni ya Milange, ndipo anthu zikwizikwi adaoloka mtsinje wa Muloza kulowa m'Malawi ali chimanjamanja. Minda ya tiyi ya m'tsinde mwa phiri la Tumbine, imene inkadyetsa mabanja ambiri, idasanduka tchire. Aphunzitsi adaoloka ndi akazi awo, mng'ono wawo mmodzi, ndi khanda la miyezi itatu kumbuyo kwa amake. Adakakhala m'boma la Mulanje, pamalo poti kukacha ankaliona bwinobwino phiri la kwawo koma osatha kupondako. Pofika 1992 anthu a ku Mozambique othawira m'Malawi adakwana pafupifupi miliyoni imodzi.

M'mwezi wa Julayi 1990 wailesi idalengeza kuti nthumwi za mbali ziwirizo zakumana ku Roma. Kumsasa kudali nthungululu, ndipo amayi ena adayamba kumanga mitolo poganiza kuti dzinja likubweralo akalima kwawo. Koma dzinja lidadutsa, linanso lidadutsa, wailesi n'kumangoti zokambirana zikupitirira. Apa m'pamene padabuka mawu amene ankanenedwa pamzere wolandirira ufa, oti akuluakulu sangafulumire chifukwa ku Roma akudya makaroni ndi nyama. Anthu ankaseka, koma kudali kuseka kwa munthu womva kuwawa.

Chaka cha 1992 chidabwera ndi chilala chachikulu ndipo chakudya cholandira chidachepa. M'mwezi wa Ogasiti mng'ono wa Aphunzitsi adati akaone ngati m'munda wawo wakale mudatsalako chinangwa. Akulu ake adamuletsa koma iye adangoseka, nati ndi pafupi, abwera dzuwa lisanapendeke. Adanyamuka m'mamawa ndi khasu ndi thumba, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibe adamuonanso. Patangopita miyezi iwiri, pa 4 Okutobala 1992, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Roma komweko.

Banjali litabwerera kwawo mu 1994, akuluakulu a mbumba adapempha kuti aike thunthu la nthochi m'manda, monga amachitira ena mtembo ukapanda kupezeka, kuti maliro athe ndipo mkazi wa malemuyo amasuke. Aphunzitsi adakana. Adati mlandu suola, ndipo sangakwirire nthochi asanadziwe amene adamupha mbale wawo. Mlamu wawo adadikira zaka zisanu, kenaka adabwerera kwawo. Pafupi ndi msika pali bambo wina wokonza njinga amene adagwidwa ali ndi zaka 13 nakulira m'tchire ndi mfuti. Aphunzitsi sadamunenepo kalikonse munthuyu, komanso sadamupatsepo moni, ndipo njinga yawo ikaphulika ankalolera kuikankha mpaka ku Muloza.

Khanda lija lidakula n'kulowa usisiteri, ndipo chipani chake chidalitumiza ku Roma kukaonjezera maphunziro. Anzake a m'nyumba ndi banja lina lachifundo la ku Italy ndiwo adasonkha ndalama ya tikiti. Amayi a kunyumba adakana ulendowu chifukwa cha miyendo, koma adalongedza ufa woyera wokwana makilogalamu awiri, nandolo ndi mapaketi a tiyi wa ku Mulanje, nati mwanayo asaiwale kumene adachokera. Aphunzitsi adaoloka malire pa kabaza, adakwera minibasi mpaka ku Limbe, ndipo ndege adaikwerera pa Chileka n'kukasintha ku Addis Ababa. Kunja kukucha Lachinayi adatera pa bwalo la Fiumicino, pamene adapeza mwana wawo atavala chovala cha chipani. Chilowereni usisiteri, iwo ankamulemekeza pomuitana kuti Asisiteri, iyenso n'kumati Ababa.

Chodabwitsa choyamba chidali chakudya cha m'mawa. Munthu wozolowera kapu yaikulu ya tiyi ndi mbatata adapatsidwa khofi m'kakapu kosatha kulowamo zala zitatu, ndi kabanzi kopota kotchedwa cornetto. Anthu onse ankamwa ali chiimire n'kumatuluka ngati akuthawa ngongole. Atamva kuti kakhofiko ndi yuro imodzi, imene nthawi imeneyo inkasinthidwa pafupifupi mametikali 70, adapukusa mutu nati kwawo ndalama imeneyo munthu amadya nayo nsima ya nyemba n'kutsalako ya kabaza.

Tsiku lomwelo adapita kukaona Colosseum, chibwalo chamiyala chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 80 pambuyo pa kubadwa kwa Yesu ndipo chinkalowa anthu pafupifupi 50,000. Alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana ankajambulitsa akumwetulira. Asisiteri adafotokoza kuti muno anthu ankamenyana ndi zilombo kapena okhaokha mpaka kufa, khamu likuombera m'manja, ndiponso kuti chibwalocho chidamangidwa ndi chuma cholanda pa nkhondo ya ku Yerusalemu ya m'chaka cha 70. Aphunzitsi adasisita mwala umodzi nafunsa kuti adausenza ndani. Adati iwo akudziwa mmene khosi limamvera munthu akasenzetsedwa katundu wa eni mfuti, pakuti m'Zambezia ambiri adasenzapo, ndipo maina a osenza salembedwa paliponse.

Chimene chidawakomera mtima tsikuli chidali madzi. M'misewu ya Roma muli timipopi tachitsulo toposa 2,000 totuluka madzi ozizira usana ndi usiku, ndipo aliyense amamwa osalipira. Eni ake amatitcha nasoni, kutanthauza mphuno zazikulu, chifukwa cha kupindika kwake. Aphunzitsi adafunafuna potsekera osapapeza, ndipo adati zikanakhala kwawo, kumene amayi amadzukira pamjigo tambala asanalire, mfumu ikanaitanitsa msonkhano tsiku lomwelo.

Masana adadya kunyumba ya asisiteri ndipo apa m'pamene adapusa. Patebulo padabwera makaroni otentha a tomato, iwo n'kuyesa chakudya n'chomwecho, ndiye adadya mpaka kuonjezera. Mbale zitachotsedwa padabwera nkhuku, kenaka masamba, kenaka zipatso. Ku Italy chakudya chimabwera motsatizana, ndipo ndiwo amadya pazokha popanda chotsira. Asisiteri okalamba adaseka nawo mpaka misozi atamva kuti kwawo mwana wodya ndiwo zokha amamenyedwa padzanja. Pambuyo pake Aphunzitsi adakhala chete kanthawi nati, kani makaroni aja ndi amenewa.

Lachisanu adalawirira ku tchalitchi cha Petro Woyera ku Vatican. Monga mphunzitsi adafuna kudziwa zaka, ndipo adauzidwa kuti chidayamba kumangidwa mu 1506 n'kudalitsidwa mu 1626. Adagwada pamanda a Papa John Paul II, amene adayendera Mozambique mu 1988 nkhondo ili mkati ndi Malawi mu 1989, ndipo adakumbuka mmene ankaunjikirana pa wailesi imodzi kumsasa kuti amve ngati anenapo za iwo. Kenaka adakwera makwerero 551 mpaka pamwamba pa denga lozungulira. Achinyamata ambiri ankapumira m'njira koma mkulu wokulira m'tsinde mwa Tumbine adafika osakhala pansi. Madzulo adafika pa Trevi, chitsime chokongoletsedwa ndi ziboliboli chimene chidatha kumangidwa mu 1762, pamene alendo amaponya ndalama m'madzi poti akatero adzabweranso. Iwo adati n'kusowa chochita, koma atamva kuti ndalamazo zimatoledwa n'kupatsidwa a Caritas othandiza osauka, adapisa m'thumba naponya kobiri la mametikali asanu.

Usiku umenewo banja lija lidasonkhako tikiti lidawatengera ku Testaccio, dera limene kudali kophera ng'ombe mpaka 1975. Kale ogwira ntchito kumeneko ankalandira zotsala monga chifu, matumbo ndi michira, ndipo akazi awo adaphunzira kuziphika mwaluso mwakuti lero ndizo chakudya chimene Roma amanyadira. Aphunzitsi adadya chifu chophika ndi tomato, mchira wa ng'ombe wofewa mpaka kusiyana ndi fupa, ndi masamba owawira otchedwa cicoria amene adati ndi achibale a chisoso. Adasangalala ndithu, nati anthu awa ndi anzathu. Koma kenaka eni ulendo, pofuna kuwakondweretsa, adaitanitsa polenta, nsima ya ku Italy yophikidwa ndi ufa wachimanga chachikasu. Mbale itafika, mkuluyu adaiyang'ana osaikhudza.

Onse adaona kuti chinachake chalakwika. Aphunzitsi adapepesa, ndipo polankhula Chipwitikizi, mwana wawo akumasulira, adati nsima yachikasu adailumbira chifukwa ndiyo inkalandiridwa m'chaka cha chilala, ndiyonso adadya komaliza ndi mng'ono wawo. Adawauzanso osabisa mawu aja a makaroni ndi nyama. Bambo wa banjalo, munthu wa imvi wochokera kumpoto kwa Italy, adayankha modekha kuti agogo ake adakulira polenta yokhayokha m'mawa ndi madzulo mpaka khungu lawo lidayamba kuda ndi kusenda ndi matenda a pellagra, ndipo umphawi womwewo udathamangitsa anthu a ku Italy mamiliyoni kupita ku America. Apa Aphunzitsi adadzidzimuka, pakuti matendawo ankawadziwa. M'chaka cha 1990 adagwira anthu zikwizikwi m'misasa ya kumwera kwa Malawi pamene mtedza udasiya kugawidwa anthu n'kutsala ndi chimanga chokha. Sadaganizepo kuti mzungu angakhale mdzukulu wa munthu wodwala matenda a kumsasa. Adatema mbamu imodzi, adadya, ndipo adati ikuchepa mphamvu pang'ono koma ndi nsima.

Loweruka ndilo lidali tsiku limene adadzera. Adaoloka mtsinje wa Tevere kulowa m'dera la Trastevere, la timisewu tating'ono toyala miyala, tokhala ndi zochapa zoyanikidwa m'mazenera. Zaka zonsezi Aphunzitsi ankaganiza kuti zokambirana zija zinkachitikira m'nyumba yachifumu ya asilikali pakhomo. Adapeza kachitseko wamba pambali pa katchalitchi ka Sant'Egidio, m'nyumba yakale ya asisiteri. Mayi wina wachikulire wa m'gulu la pamenepo, wodziwa Chipwitikizi, adawalandira chifukwa ankadziwana ndi mwana wawo.

Mayiyu adafotokoza kuti gulu la Sant'Egidio lidayambitsidwa mu 1968 ndi a Andrea Riccardi, amene nthawiyo adali mwana wa sukulu, ndipo ntchito yake ndi kupemphera ndi kuthandiza osauka. Amkhalapakati a zokambirana adalipo anayi: a Riccardi, Bambo Matteo Zuppi amene adadzakhala kadinala mu Okutobala 2019, a Mario Raffaelli oimira boma la Italy, ndi Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira, amene adamwalira mu 2016. Nthumwi za boma zinkatsogozedwa ndi a Armando Guebuza ndipo za Renamo ndi a Raul Domingos. Adakumana maulendo 11 m'miyezi 27. Kusaina kwenikweniko kudachitikira ku likulu la unduna woona za maiko akunja wa Italy, pamaso pa a Robert Mugabe a ku Zimbabwe, a Quett Masire a ku Botswana, a John Tembo oimira Malawi ndi ena.

Atatuluka kuseri adalowa m'kabwalo ka mkati, ndipo apa Aphunzitsi adaima ngati aona mzukwa. Pakati pa makoma akalewo padali nthochi, masamba ake ali tambalale ngati za kudimba kwawo. Mayi uja adati nthumwi zikatopa ndi kukangana zinkadzapumira pamenepa. Mkuluyu adavula chipewa, adatulutsa m'chikwama kalata ya ubatizo ya mng'ono wake, yofiirira ndi kukalamba, nafunsa funso limene adalisunga zaka zonsezi: chidawachedwetsa n'chiyani? Akanafulumira ndi miyezi iwiri yokha, mwini kalatayi bwenzi ali moyo.

Mayiyo sadaikire kumbuyo munthu aliyense. Adati funsolo n'loona, ndipo amkhalapakati nawonso ankadziwa kuti tsiku lililonse lotayika pano ndi maliro kumeneko. Adafotokoza kuti poyamba mbali iliyonse inkaona inzake ngati zigawenga kapena akuba boma, mwakuti chipatso cha msonkhano woyamba chidangokhala kuvomerezana kuti onse ndi ana a dziko limodzi. Pambuyo pake padali nkhani ya malamulo a zipani, ya chisankho, ndi yovuta koposa ya kuphatikiza asilikali amene dzulo lake ankaphana kuti akhale gulu limodzi, aliyense akuopa kuti akatula mfuti mnzake amudya. Atsogoleri awiriwo adadzaonana maso ndi maso ku Roma mu Ogasiti 1992, mwezi womwewo umene munthu wa khasu ndi thumba uja adaoloka Muloza. Mayiyo adapempha kuti aone dzina la pa kalatayo, adaliwerenga mokweza kawiri, ndipo sadaonjezenso mawu.

Nkhomaliro adadyera pabwalo lomwelo, mu lesitilanti ya gululi yotchedwa Trattoria degli Amici, imene ambiri mwa operekera zakudya ndi anthu aulumali. Mnyamata wina adawabweretsera msuzi wa nyemba wosakaniza ndi makaroni, nabwerera kawiri kudzafunsa ngati akoma. Aphunzitsi adadya pang'onopang'ono, kenaka adauza mwana wawo kuti zonse azimva, koma miyezi 27 njambiri ndithu, ndipo palibe angawasinthe maganizo. Asisiteri adayang'ana pansi monga mwana woleredwa bwino, nati: "N'zoona, Ababa, njambiri. Koma iwo adatha miyezi 27 n'kukhala pamphasa imodzi. Nanga inu ndi bambo wa njinga uja, zatha zaka zingati?"

Aphunzitsi adaika sipuni pansi. Kwa nthawi yaitali sadayankhe, ndipo atatsegula pakamwa ulemu wa usisiteri udaiwalika. "Iwe mwana iwe," adatero, "unali pamsana pa amako. Ukudziwapo chiyani?" Mwanayo adati sakudziwa kanthu, koma adakula akuona azakhali ake akudikira maliro osatha, ndi bambo ake akukankha njinga kudutsa pamalo pokonzera njinga. Madzulo adakalowa m'tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere, mmene gulu lija limapempherera usiku, ndipo mkati mwa nyimbo zachilendo mkuluyu adayatsa kandulo natchula dzina la mng'ono wake pamodzi ndi mawu akuti malemu. Chichokereni 1992 adali asanawatchulepo.

Lamulungu masana adaima m'khamu pabwalo la Petro Woyera naona malemu Papa Francis ali pazenera, kutali mwakuti ankaoneka ngati kadontho koyera. Madzulo Asisiteri adatsegula ufa uja naphika nsima ya nandolo ya nyumba yonse. Mthiko padalibe ndipo adavundulira chipande cha msuzi, koma idapsa. Asisiteri a ku Italy, a ku India ndi a ku Brazil adasamba m'manja naphunzitsidwa kutema ndi kuumba mbamu, Aphunzitsi akuyendera tebulo ngati ali m'kalasi. Usiku womwewo adakwera ndege.

Atafika kwawo adapuma masiku awiri, ndipo lachitatu anthu a pamsika adaona zachilendo. Aphunzitsi adakankha njinga yawo mpaka pamthunzi wa bambo uja, napereka moni, nati tcheni chikulumpha. Tcheni chidalibe vuto ndipo onse awiri ankadziwa. Adakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Bamboyo adati za munthu wa chinangwa sakudziwapo kanthu, pakuti chaka chimenecho gulu lake lidali kutali cha ku Morrumbala, koma adaonjeza kuti sanganame, zoterozo zinkachitika ndipo iye adaziona ndi maso. Adatinso amake adamwalira asanamuonenso. Aphunzitsi sadadziwe ngati amva zonse, koma adapeza kuti angathe kukhala osadziwa.

Khirisimasi isanafike mbumba idasonkhana. Mlamu uja adabwera ndi ana a banja lake latsopano, Bambo Mfumu adachita Misa ya malemu, ndipo kumanda adakwirira thunthu la nthochi lokulunga m'nsalu yoyera. Mmodzi mwa adzukulu okumba manda adali bambo wa njinga, ndipo pobwera kumanda adasamba m'manja m'beseni limodzi ndi Aphunzitsi n'kudyera mbale imodzi.

Mkuluyu sanena kuti za mtendere zidathera ku Roma. Amakumbutsa anthu kuti mfuti zidaliranso pakati pa 2013 ndi 2016 mpaka ena a ku Tete adathawiranso m'Malawi, kuti padafunika pangano lina mu Ogasiti 2019, ndiponso kuti ku Cabo Delgado magazi adayamba kukhetsedwa mu 2017. Amati mtendere uli ngati munda wa m'dambo, ukangosiya kupalira udzu wabwerera. Achinyamata a kabaza akamawafunsa kuti ku Roma adakaonako chiyani, amayembekeza kumva za Papa ndi nyumba zosanja. Iwo amawerenga pa zala: madzi osatsekeka, nsima yachikasu, ndi nthochi. Akafunsidwa ngati nthochizo zimabereka, amati kumeneko n'kozizira, sizikhwima bwino ngati za ku Tumbine, koma mthunzi zili nawo.